Sekuru Lameki ndi Nsalu ya Mgonero

Uthenga unabwera ndi kondakitala wa basi ya ku Mutare. Anausiya pa sitolo ku Samanga, ndipo kuno kukomboni unafika pakamwa pa mayi wogulitsa nthochi: Sekuru Lameki atisiya, ku Chipinge, m'nyumba ya mwana wawo Dolika ku Gaza, lokeshoni ya m'tauni imeneyo. Kumaliro ndinapita, ndabwerako. Koma chandiyankhulitsa si maliro ayi. Ndi zimene ndinamva Lamulungu m'tchalitchi mwathu muno.

A Sitefano, mlaliki wathu, anayamba alengeza za kulambula udzu pabwalo, kenako za denga la chimbudzi. Atatseka kale kabuku kawo ndi pamene anati, "Tamvanso kuti bambo Lameki Mbewe, amene ankakhala kuno kale, anamwalira." Basi. Nyimbo ayi, pemphero ayi. Amene ankakhala kuno kale! Ngati akunena waganyu amene anathyola tiyi mwezi umodzi nkuthawa mvula. Njerwa za tchalitchi chimenecho anaumba ndi Sekuru Lameki. A Sitefano omwewo anaphunzira kupemphera atagwira buluku la Sekuru Lameki. Ndipo mkuluyo wapita kumanda ali wodulidwa, zaka zisanu ndi ziwiri osalawa mgonero wa Ambuye, chifukwa cha nsalu. Ine kulemba sindidziwa, koma pakamwa ndili napo. Wogwira cholembera alembe monga ndikunenera, asakonze.

Anachokera ku Ntcheu wapansi, kudzera ku Tete, ndevu zisanamere. Enafe tinawapeza imvi zitayamba m'mbali. Dzina loti Sekuru, ndiye kuti agogo, anawapatsa ndi ana a Chimanyika, eni dera lino, ife nkungotengera. Ntchito yawo pa esiteti pano inali yodulira tiyi, chifukwa tiyi ukamusiya amakula nkukhala mtengo. Ankayenda ndi mpeni wokhota wokulunga m'chisanza, ndipo m'mawa uliwonse, asanadule tsinde loyamba, ankavula chipewa nkuima chete, kaya kukugwa mvula, kaya foromani akukuwa. Foromani wina watsopano anawafunsa mwa Chishona ngati amapembedza tiyi. Iwo anati, "Ndikupempha chilolezo kwa Mwini munda. Abwana anu ali ndi pepala chabe."

Pakomboni pano panali madoda ambiri okalamba, matchona, anthu amene anachoka kumudzi akuti zaka ziwiri zokha, nkupezeka mano atha ali konkuno. Munda alibe, kumudzi anawaiwala, chitupa chikuti ndi alendo. Akamwa pang'ono ankalira kuti moyo wawo wapita ngati madzi otsukira mbale. Sekuru Lameki sankawatonthoza, ankawakalipira. Ankati munthu sanabadwire kukhuta, chifukwa nkhumba imakhuta kuposa ife. Sanabadwire kubereka, chifukwa khoswe amabereka kuposa ife. Anabadwira kuopa Mulungu, ndipo zimenezo sizifuna munda kapena chitupa. Ankatinso kuopa Mulungu si kunjenjemera pabenchi Lamulungu, koma kukumbukira kuti iye akukuona pa ola limene mnzako wagona pansi alibe womuphimba.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Aa! Nyengo ya masamba ambiri, abwana akatsegula kuthyola Lamulungu, iwo ankaima pa njira yopita kumunda ngati wapolisi. Ine anandilanda dengu pamutu, tsiku lina, nkulipachika pamtengo wa mapeyala pomwe sindikanafikira. Dolika atathawira kwa mwamuna wa mtundu wa Chindau ku Chipinge, bambo ake anatha chaka osatchula dzina lake. Ndipo achinyamata atapempha kuti ulaliki uzikhalako wa Chishona, poti ana athu Chinyanja amachimva mwa apo ndi apo, iwo anakana kwamtuwagalu, nkusunga makiyi a tchalitchi m'thumba. Pamenepo ankalakwa, ndinene. Wotsogolera achinyamatawo anali a Sitefano, ndipo mkangano umenewo unatha zaka ukufuka ngati chitsa.

Koma munthu akafa, woyamba kunyamula khasu anali iwo. Manda athu ali kuseri kwa mabulugamu, ndipo mulibe dzenje m'menemo limene Sekuru Lameki sanatsikemo. Ankakumbira Akhristu. Ankakumbira a gule, kungoti akamva ng'oma ankapukuta khasu nkumapita zilombo zisanatuluke. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, anthu akutsika mapiri ndi mitolo pamutu, ena nkufera pakhonde pa eni ake osatchula ndi dzina lomwe, ankawakumbiranso. Bambo a a Sitefano atamwalira, mwana ali wa msinkhu wa mbuzi, anakumba ndi iwo, nkumutenga mwanayo kukamulera pamodzi ndi Dolika.

Mnzawo wa pamtima, mukhoza kuseka, anali Msilamu. Che Bwanali, Myao wa ku Mangochi, mlonda wa pa fakitale. Loweruka masana ankakhala pa bawo, ndipo komboni yonse inkamva.

"A Mbewe, Mulungu wanu mukuti ali ndi mwana. Nanga analowola kwa yani? Ankhoswe anali ndani?"

"Che Bwanali, sewerani. Mukugwada kasanu patsiku, koma kubisa njere m'chikhatho simunasiye."

"Ndikakuchitirani umboni tsiku lomaliza, kuti anali munthu wabwino, nkhumba zokha ndi zimene zinamusokoneza."

"Inu mukandipeza ndakhala kale mkati, ndikukupemphererani malo a pakhonde."

Zaka makumi atatu akukangana choncho, palibe anagonja. Koma pa ukwati uliwonse wa Akhristu, Sekuru Lameki sankalola mbuzi kuphedwa Che Bwanali asanafike ndi mpeni wawo, kuti Asilamu nawo adye. Ankati phwando limene mnansi wako akungoonerera ndi maso si phwando, ndi chipongwe.

Ndinawaona komaliza chaka chatha. Atapuma ntchito, esiteti inatenga nyumba, monga imachitira, ndipo Dolika anawatengera ku Gaza. Ndinawapeza atakhala pa sitepe, makombi, timinibasi ta kumeneko, akuliza mabelu, amayi akukuwa za tomato, iwo maso atachita nkhungu. Anandizindikira ndi mawu. Moni asanathe anati, "NaBanda, kalata mwabwera nayo?"

Kwa ife Mkhristu akasamuka amatenga kalata ya mpingo, yonena kuti uyu ndi wathu, mulandireni pagome. Popanda kalatayo a ku Chipinge ankawalola kukhala pabenchi ndi kuimba, koma mkate ndi chikho zinkawadumpha. Anali atatuma mawu katatu. Katatu konse a Sitefano anayankha chimodzimodzi: abwere adzalape kaye.

Tsono ndinene za nsaluyo.

Inali nsalu yoyera, yaitali, yophimbira mkate ndi zikho pa tsiku la mgonero. Anasoka ndi malemu akazi a Sekuru Lameki, koma wosunga ndinali ine. Ndinkaichapa, kuisita ndi simbi ya makala, nkuipinda m'sutikesi mwanga. Inkatuluka kawiri pachaka, abusa akabwera kuchokera kutauni.

Chaka chimenecho mvula inagwa masiku asanu osapuma. Mtsinje unakwera pamwamba pa mlatho, basi osaoloka, thirakitala ya esiteti osaoloka. Che Bwanali anamwalira mbandakucha wa tsiku lachitatu. Asilamu sagoneka maliro, ndipo saika m'bokosi. Amasambitsa munthu, kumukulunga m'nsalu yoyera imene amati sanda, nkumuika tsiku lomwelo. Che Bwanali sanda yawo anali atagula kalekale, ili m'bokosi mwawo. Koma mwezi umodzi m'mbuyomo kunafa mlendo wa ku Mozambiki, Msilamu wopanda mbale, ndipo amene anapita kukawapempha sandayo anali Sekuru Lameki. Che Bwanali anapereka, akuti agula ina mwezi ukatha. Mwezi unatha ndi iwo omwe.

Achimwene awo, Che Amidu, anayenda khomo ndi khomo. Pakomboni ndani anali ndi nsalu yoyera ya msinkhu wa munthu? Tinkafunda mabulangete. Anakafika mpaka kunyumba ya abwana, koma abwana anali atatsekeredwa kutsidya, ndipo wophika anati iye sangatsegule kabati ya adona.

Cha m'ma teni Sekuru Lameki anaima pakhomo panga, thumba la feteleza kumutu, madzi akuyenderera m'ndevu.

"NaBanda, tulutsani nsalu ija."

"Nsalu iti, Sekuru?"

"Muli nazo zingati?"

"Maiwe! Ya pagome? Kukafunditsa Msilamu?"

"Kukafunditsa Bwanali. Wagona pamkeka ngati tsiku lobadwa. Yake ndinamulanda ndine."

"Nanga akulu anzanu mwawafunsa?"

"Awiri ali kutsidya. Atatu enawo ndikawafunsa tikhala pa nkhani mpaka Lachisanu, munthu akununkha. Mulungu akutiona pano ndi pano, mai. Tulutsani."

Ndinatsegula sutikesi ndi manja anga. Ndinaikulunganso m'pulasitiki kuti isanyowe, nkuwapatsa. Mumve bwino pamenepo: ndinawapatsa ndine. Tsiku lomwelo Che Bwanali analowa m'manda atavala nsalu ya mgonero, ndipo poti amuna a Chisilamu anali ochepa, Sekuru Lameki anakumba nawo, nkugwira nawo mwendo wa jeneza, chithatha chonyamulira maliro. Nthawi ya mapemphero awo anaima patali, chipewa m'manja.

Nkhani inatuluka madzi asanaphwe. Abusa atatsala tsiku limodzi kuti afike, a Sitefano anabwera kwathu, nkukhala pa mpando mwaulemu.

"Mai, mawa akufunsani. Mukanena kuti munapereka nokha, akudulani. Ukwati wa mwana wanu Rute uli mwezi wamawa. Mwana akwatiwe m'tchalitchi amake ali kunja?"

"Ndiye ndinene chiyani, mwanangu?"

"Nenani kuti munali kumunda, iwo anatsegula okha. Mkulu ngati uja ndani angamudule? Angowadzudzula, nkhani ithere pomwepo. Si bambo anga omwe aja? Ndingawafunire zoipa ine?"

Ndinakhulupirira, chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Mawa lake, pa bwalo la akulu, ndinanena momwemo. Kumunda, tsiku limene ngakhale bakha sakanatuluka panja! Sekuru Lameki anandiyang'ana kamodzi kokha, nkutembenukira kwa abusa. Anati, "Zoona. Ndinatenga ndine."

Abusa anali munthu wachilendo, sankatidziwa. Anafunsa, "Bambo Mbewe, mukudziwa chimene nsalu imeneyo inkaphimba?"

"Ndikudziwa, abusa. Anasoka ndi malemu akazi anga."

"Ndiye mwaikwirira m'dothi pamodzi ndi munthu wokana Mwana wa Mulungu."

"Za kukana akayankha yekha. Ine ndikanakayankha za maliseche ake."

Anawauza kuti Lamulungu aime kutsogolo anene kuti anachimwa, nkhani ithe. Iwo anayankha akupukusa chipewa.

"Kuti ndinatenga osafunsa abale, ndinena, ndipo ndipepesa nditagwada. Nsalu ndibweza. Koma kuti kufunditsa wakufa ndi tchimo, sindinganene, chifukwa mtsinje ukadzalanso mawa ndidzachitanso. Mukufuna ndifike pagome la Ambuye ndi bodza m'kamwa? Nanga mkate ukalowera pati?"

Abusa anati akulu ofuna kuti adulidwe akweze manja. Loyamba kukwera linali la a Sitefano, poti nawo anali atalowa ukulu. Ena anayi anatsatira, aliyense wa iwo ali ndi mbale wake kuseri kwa mabulugamu, m'dzenje lokumba mkulu yemweyo. Makiyi anawalanda pomwepo. Lamulungu lotsatira ulaliki unali wa Chishona kuyambira poyamba mpaka pa ameni. Ndi pamene maso anga anatseguka kuti nsalu inali khasu chabe, munda wolimidwa unali wina.

Mwezi utatha anakwera basi kupita ku Mutare, nkubwera ndi nsalu yoyera yoposa yoyamba ija. Anabwera nayo kwa ine kuti ndiipinde m'mphepete. Akulu anaiona, anaiyamikira, anailandira. Nsalu analandira, mwini wake ayi. Mpaka lero ndi imene imaphimba mgonero wathu.

Anthu ankati achoka. A mipingo ina anabwera kudzawakopa, akuti kwathu mudzakhala kutsogolo. Che Amidu nawo anati, mwanthabwala koma osati nthabwala yokha, "A Mbewe, kwathu kulibe benchi yakumbuyo, tonse timakhala pansi." Iwo anayankha kuti mwana akamenyedwa ndi amake sapita kwa aneba kukasintha mtundu. Lamulungu lililonse ankafika woyamba, nkudikira panja kuti a Sitefano abwere ndi makiyi. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pa bokosi lakale la tiyi, malo a odulidwa. Atsikana otenga mimba ankakhala nawo pamenepo miyezi isanu ndi umodzi, kulapa, nkubwerera kutsogolo. Oledzera ankabwera nkubwerera. Iwo ali pomwepo.

Musamve ngati sizinkawapweteka. Tsiku la mgonero, mbale ikamayenda m'mabenchi, ankaweramitsa mutu, ndipo ine ndinkaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika ngati munthu womeza. Abusa akabwera ankawafunsa funso lomwe lija. Iwo ankayankha yankho lomwe lija. Zaka zisanu kuno, ziwiri ku Gaza.

Tsiku lija pa sitepe ku Gaza, nditawauza kuti kalata ndilibe, anangogwedeza mutu. Ndinati, "Sekuru, ndi mawu amodzi okha. Nenani, mudye mgonero musanapite. Mulungu adziwa za mumtima."

"Ndi chifukwa chake sindinganene, poti adziwa."

Kenako anandiuza, mwa mawu awo, kuti m'dziko lino sanakhalepo ndi kanthu. Nyumba inali ya esiteti, mpeni wa esiteti, ngakhale sitepe imene anakhalapoyo inali ya mkamwini. Chawochawo chinali chimodzi: sananamizepo Mulungu. Akachigulitsa chimenecho ndi chidutswa cha mkate, ngakhale mkate woyera, ndiye kuti madoda aja ankanena zoona, moyo wawo unalidi madzi otsukira mbale. Njala ya mgonero anali nayo, anatero, yoposa ya chaka cha chilala, koma ankati Mwini gome ali ndi lina limene makiyi ake sasunga munthu.

Ndinati, "Sekuru, tsiku lija pa bwalo, ine..."

"Rute ali ndi ana angati tsopano?"

"Atatu."

"Onse obatizidwa?"

"Onse."

"Basi. Dolika, apatseni madzi alendowa, ayenda ulendo wautali."

Sanalole kuti ndimalize. Anandisenzera bodza langa mpaka kumanda, ndipo kulemera kwake ndikukumva tsopano pamene wosenza palibe.

Kumaliro, a mpingo wathu tinapita atatu, amayi okhaokha, osavala zoyera zathu za mapemphero a amayi a Lachinayi chifukwa lamulo silola pa maliro a wodulidwa. Mkulu wina wa ku Chipinge anawerenga mawu pang'ono, mofulumira, akuyang'ana wotchi. M'basi yomwe tinakwera ife munali Che Amidu, wokalamba woyenda ndi ndodo, ndi amuna asanu a ku mzikiti. Kumanda a kutauni dzenje amakumbiratu a khonsolo. Che Amidu anasuzumiramo nkunena kuti, "Ili ndi dzenje la nthochi. Munthu uyu sankakumbira anzake chonchi." Amuna aja anavula majekete, nkutsikamo ndi mafosholo, maliro akudikira. Ife tikuimba, iwo anaima patali, monga mkulu uja anaimira pa maliro a m'bale wawo.

Titamaliza, Che Amidu anandiyandikira. "Mai, akuluakulu a tchalitchi ali pa basi yam'mbuyo?"

Ndinati inde. Bodza lachiwiri.

Ndiye Lamulungu lija, a Sitefano atanena zawo za amene ankakhala kuno kale, miyendo yanga inaima yokha. Ndinati, "Abale, nsalu ija sanatenge okha. Ndinatsegula sutikesi ndine, ndinapereka ndine. Amene anandiphunzitsa kunama pa bwalo ndi uyo waima kutsogoloyo. Ngati kufunditsa Che Bwanali linali tchimo, ndiduleni lero."

Ana ambiri sankadziwa ndi komwe kuti Che Bwanali anali ndani. A Sitefano anamwetulira ngati akuyankhula ndi wodwala. "Khalani pansi, ambuya. Za akufa zili m'manja mwa Mulungu." Nkuyambitsa nyimbo, anthu nkulandira.

Sanandidule. Sanandiitane ndi ku bwalo komwe. Tchimo limene linatsekera mkulu uja kunja zaka zisanu ndi ziwiri, kwa ine silinakwane ngakhale kudzudzula.

Anthu atatuluka ndinatsala, nkupita kumbuyo kuja. Bokosi la tiyi likadali pomwepo, thabwa lapamwamba litachita dzenje, losalala ngati mpini wa khasu. Pansi pake simenti inadyeka malo awiri, pomwe ankaponda zidendene. Pamwamba malata amadontha, ndipo palibe anakwerapo kukamata, poti amene amakhala pamenepo sadandaula. Mphepo yochokera kumapiri imalowera pansi pa chitseko nkukumenya m'akakolo. Ndinakhalapo, koyamba m'moyo mwanga. Ndinkayesa kuti kumbuyo kotere munthu saona kanthu. Ayi ndithu. Kanjira ka pakati kamalunjika pomwepo, ndipo gome limaoneka lonse, kuyambira ngodya iyi mpaka iyo, ndi benchi lililonse limene mbale imadutsa.